A Langton ndi Makadi a Ukwati wa Fyness

Amalume athu a Langton Chimtengo tawaika Lachiwiri lapitali kwathu kwa Nthache. Pamaliro abusa anati anali munthu wa luso lamanja, a komiti ya msika anati sanakanganepo ndi munthu. Zonsezo nzoona. Koma nkhani imene eni ake ankati ndiyo inawaumba palibe anaitchula, poti ndi yamanyazi. Ndiye ine, mwana wa mlongo wawo wamng'ono, ndati ndiilembe mmene ankatifotokozera okha.

A Langton anali osindikiza makadi paboma pa Mwanza. Ali mnyamata ankagwira ntchito ku Blantyre pamalo ena osindikiza mabuku a tchalitchi. Chaka chimene zipani zinachuluka, eni malowo anagula makina atsopano, ndipo kamakina kakale kopanikiza ndi dzanja anawapatsa iwo kuti kakhale kotsanzikira. Anakakweza minibasi, kabati ya zilembo ili pamiyendo, mpaka ku Mwanza. Anapeza kachipinda kuseri kwa msika, khoma limodzi ndi telala wina, a Laston.

Zilembozo zinali zachitsulo, ting'onoting'ono ngati mpunga, chilichonse m'kabokosi kake. Ankatola chimodzichimodzi, kusanja zili chozondoka, kumanga, kupaka inki, kuika pepala, kenako kukanikiza chogwirira. Kha! Kadi imodzi. Ukasisita ndi chala unkamva zilembo zitalowa m'pepala, ndipo anthu ankazikondera pomwepo. Iwo ankati wosanja zilembo sawerenga dzina la munthu, amangoona zitsulo. Pantchito iliyonse ankapatula kadi imodzi n'kuibaya pawaya wolendewera pakhoma, kuti makasitomala azisankhapo maluwa a m'mbali.

Chaka cha 2000 kunabwera mnyamata wina, Kinsley Bonongwe, mmodzi wa aja othamanga ndi mapepala a madalaivala a mathiraki kuboda. Nsapato zopukuta, pakamwa pa shuga.

"Madala, ndipangireni makadi a bizinesi. Mulembe Kinsley Bonongwe, Clearing Agent."

"Ofesi ili pati?"

"Ofesi ndi miyendo yangayi, madala."

A Langton anaseka, n'kuyang'ana zimene asanja. "Mzere wapansiwu uli mbee. Tiikepo Director."

A Laston anakuwa ali kuseri kwa khoma: "Director wa miyendo iwiri! Ine mundilembe Minister wa mabatani!"

Miyezi iwiri isanathe, kadi yomweyo inakafika kwa Nthache m'manja mwa Fyness, mwana wa a Betty, mlongo wamkulu wa a Langton. Fyness ankagulitsa manachesi m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo Kinsley anamuonera kumeneko. A Betty sankawerenga Chingerezi. Anadikira mlongo wawo abwere Lamlungu.

"Achimwene, taonani. Akuti mkamwini wathu ndi Director."

A Langton anaizindikira nthawi yomweyo. Apa ndi pamene akanaseka n'kunena kuti mawuwo anaikapo ndi iwo chifukwa mzere unali mbee. Koma ataona mlongo wawo akusisita zilembo ndi chala, maso ali ngwee, mtima unawakomera. Anangoti, "Ndi kadi yabwino."

Kwathu kuno mwamuna akafunsira, nkhoswe ya mkazi amakhala amalume ake. Kinsley anabwera ndi nkhoswe yake, bambo wina wa jekete yaikulu, amene anati kwawo ndi kupitirira Thambani. Mwambo wake, nkhoswe yakuchikazi imayenera kupita ndi mapazi ake kukaona kwawo kwa mwamuna, kukacheza ndi amayi ake, kukafunsa anansi kuti mnyamatayu ndi wotani. Ukwati wonse umatsamira paulendo umenewo. A Betty anagwira nkhuku yawo yathadzi, kuimanga miyendo.

"Mukawapatse amayi akewo, asatione ngati anthu opanda mwambo."

A Langton anamangirira nkhuku panjinga Lolemba m'mawa, n'kuti adzere kushopu akatenge pampu. Anapeza amuna atatu akuwadikira pakhomo. Inali nyengo ya zisankho za makhansala, aliyense akufuna makadi okhala ndi dzina lake, aliyense akuti lero lomwe. Anati mumtima, ndipita mawa. Nkhuku anaimangirira kumwendo wa tebulo la makina. Lachiwiri ntchito inachuluka. Lachitatu nkhuku inadetsa mulu wa mapepala. Lachinayi akazi awo a Laston anaiphika, ndipo amuna awiriwo anadya masana, chitseko chili chotseka.

Lamlungu a Betty anawachingamira panjira. "Mwayenda bwanji, achimwene?"

Iwo ankati bodzalo silinadikire n'komwe, linatuluka lokha. "Ndayenda bwino. Nyumba ndi yamalata. Mbuzi zili m'khola. Amayi akewo ndi aulemu, nkhuku alandira ndi manja awiri."

A Betty anaimba nthungululu pabwalo. A Langton anadzilimbitsa mtima kuti mnyamatayo amamuona tsiku ndi tsiku paboma, vuto lingakhale lanji.

Makadi a ukwatiwo anawapanga ngati akufuna kukwirira bodza lija. Mazana awiri, pepala lolimba loyera, nkhunda ziwiri pamwamba, ndipo inki isanaume ankawaza ufa wagolide ndi thonje. Pansi, pamene pamalembedwa munthu womufunsa za ukwati, anaika L. Chimtengo, Nkhoswe, ndi zilembo zazikulu. Makadi anayenda pamanja: kutchalitchi, kumsika, kwa makalaliki, kwa anamwino, m'midzi ya kwa Nthache.

Kutatsala masiku khumi ndi awiri kuti ukwati uchitike, kushopu kunabwera mayi wina wofuna makadi a mwana wake. Anati akufuna maluwa akale aja a mphesa. A Langton anatsitsa waya, kuyamba kuvula makadi akale afumbi. Imodzi anaigwira, maso n'kugwera padzina. Kinsley Bonongwe ndi Laurentina Alfazema, ukwati woyera ku Thambani, August 1996. Zilembo zawo, mphesa zawo. Anaisanja okha zaka zinayi zapitazo, atapatsidwa kapepala ndi achibale a mkazi, koma kuiwerenga ngati munthu kunali koyamba tsiku limenelo.

Anaiika m'thumba la shati. Masiku awiri sanadye bwino. Ankakhala pampando kuyang'ana makina, akudziuza kuti mayina amafanana. A Laston anasuzumira pakhomo, tepi ili m'khosi.

"Akulu, makina akhala chete ngati kuli maliro. Mwadwala?"

A Langton anawapatsa kadiyo. A Laston anawerenga pang'onopang'ono, n'kukanda mutu. Diresi la Fyness linali patebulo pawo, latsala mpendero.

"Mwina ndi Kinsley wina," anatero a Langton.

"Nkhuku ija tinadya tonse, ine ntchafu, inu chiganga. Musandinamize ine ngati a Betty. Kwerani njinga."

Anakwera. Ulendo umene anaukana miyezi itatu unawatengera theka la tsiku basi. Ku Thambani sanavutike kufunsa, wogulitsa tomato woyamba anawalozera njira ya kwa Kinsley. Nyumba inali yaudzu, mbuzi kunalibe. Pakhonde panali mayi wachitsikana akusenda chinangwa, ana awiri akusewera, wamkuluyo mphumi ya Kinsley yeniyeni.

"Bambo ake ali kuboda, amabwera mwezi ukatha," anatero mayiyo, Laurentina uja wa pakadi. "Kwagwanji, bambo?"

A Langton anapisa dzanja m'thumba. Anangotulutsa kadi yatsopano ija n'kumupatsa. Mayiyo anapukuta manja pachitenje, n'kuiwerenga. Sanalire. Analowa m'nyumba, kutulutsa yake m'Baibulo, kuziika pamodzi pamwendo.

"Ndinu nomwe munalemba yangayi?"

"Ndine."

"Ya mnzangayi mwaikamo golide," anatero, n'kuwabwezera.

Pobwerera njinga ankangoikankha. Ankasaka njira yonenera za Laurentina popanda kunena za iwo. Koma a Betty akanafunsa kuti, nanga si munapita, simunamuone bwanji? Ndipo panali china chimene chinkawadya koposa. Zaka zimenezo ukwati ukatha makadi atatuluka, anthu sankafunsa za mwamuna. Ankati mtsikanayo amupeza ndi mimba ya wina, kapena amupeza ndi matendawa. Dzina lotere silichoka pamunthu. Fyness akanakalamba nalo akugulitsa manachesi.

Anapeza a Betty akuyanika ufa pamkeka, Fyness akusankha mpunga wa paukwati. Anakhala pansi penipeni, osadikira mpando, n'kuika makadi awiri aja patsogolo pawo. Ananena zonse, kuyambira pa Director.

A Betty anayang'ana makadiwo. "Nanga nyumba yamalata ija?"

"Ndinaimanga ndi pakamwa, achemwali."

"Mbuzi?"

"Kulibe."

"Nkhuku yanga?"

"Tinadya ndi a Laston."

"Munadya." A Betty anakutumula ufa m'manja. "Mwana wanga munamugulitsa ndi ndiwo za tsiku limodzi. Bambo ake atamwalira munaima pamanda paja n'kunena kuti ana awa ndi anu. Ndi mmenemu?"

Fyness anasiya kusankha mpunga. Anaika lichero pansi bwinobwino, kulowa m'nyumba, kutseka chitseko.

Achibale atasonkhana ena anati abusa angolengeza kutchalitchi kuti ukwati waimitsidwa pazifukwa zina. A Langton anakana. Anati zifukwa zinazo anthu akazidzaza okha, ndipo akazidzaza ndi Fyness.

"Makadi ndinalemba ndine. Ndikatola ndine."

Anayamba m'mawa mwake, chikwama cha pulasitiki chili pahandulo ya njinga. Khomo lililonse ankagogoda, kuvula chipewa, n'kunena mawu omwewo osachotsa ngakhale limodzi: "Ndabwera kudzatenga kadi ija. Ukwati kulibe. Mwamuna ali ndi mkazi ndi ana ku Thambani. Mwana wathu alibe chifukwa. Ine nkhoswe ndinatumidwa kukaona kwawo, sindinapite, ndinanama kuti ndapita."

Khomo loyamba linali la mkulu wa mpingo amene ankakhala nawo benchi imodzi. Anangowayang'ana, n'kuuza mkazi wake kuti atenge kadiyo pakabati. Kumaofesi kalaliki wina anawauza kuti abwereze, n'kuitana anzake a m'chipinda china kuti adzamve nawo. Anabwereza. Mayi wina kwa Nthache anawalalatira mpaka agalu kuuwa. Wina anakana kubweza, ati ndi yokongola, aikhoma pakhoma. Kumsika ndiye kunali kovuta, poti azimayi a tomato anamva kale, ndipo atangolowa wina anakuwa, "Bisani nkhuku, nkhoswe yafika!" Msika wonse unagwa ndi phwete. Iwo anaima pakati, chipewa m'manja, kudikira kuseka kuthe, n'kunena mawu awo aja benchi ndi benchi.

Anayenda masiku asanu ndi anayi. Anatolera makadi 163. Kinsley atamva anawolokera ku Zobue, kutsidya kwa boda, ndipo bambo wa jekete uja anapezeka kuti anali wosintha ndalama wa kuboda.

Mwanza yonse inaseka a Langton, ndipo inawaseka zaka. Anthu ena anasiya kuwapatsa ntchito ya makadi a ukwati, ati ali ndi tsoka. Pabanja sanawasankhenso unkhoswe wa mwana aliyense, ndipo pazokambirana ankakhala kumbuyo, osayankhula mpaka atafunsidwa. Koma za Fyness palibe ananena kanthu koipa. Anthu ankangoti, mwana uja amene anapusitsidwa ndi amalume ake. Iye mwini anatha chaka osawapatsa moni. Akawaona akubwera ankakhotera kuseri kwa nkhokwe, iwo n'kudutsa mutu uli pansi.

Patapita zaka zitatu Fyness anapeza mwamuna wina, wokonza njinga wa paboma pomwepo. Nthawi imeneyo makadi anthu anayamba kukapangitsa pakompyuta ku Blantyre, ndipo kushopu kwa a Langton kunkatha sabata makina osalira. Tsiku lina masana anangoona Fyness waima pakhomo.

"Amalume, kadi sindikupatsani. Ndabwera ndekha kudzakuitanani."

A Langton anapukuta manja nthawi yaitali pakansanza ka parafini.

"Nkhoswe ndani?"

"Amalume a Jailosi."

"Anapita?"

"Anapita kawiri. Ulendo wachiwiri amayi anawaperekeza."

"Achita bwino," anatero. "Ndibwera. Ndikhala kumbuyo."

"Mukhala pamene ndikuikeni ine," anatero Fyness.

Shopu anatseka mu 2006, n'kubwerera kwa Nthache kukalima nandolo. Miyendo itayamba kutupa chaka chathachi, Fyness ndi amene anawatengera kunyumba kwake, ndipo amwalirira kumeneko ali ndi zaka 74. Ana ake ankawaitana kuti agogo. Wamkulu ali pafupi kufunsiridwa, ndipo sabata yomaliza a Langton anaitanitsa amene adzakhale nkhoswe yake. Anamukhazika pamphasa n'kumufotokozera nkhani yonseyi, mpaka ya kumsika, Fyness ali pakhomo akumva.