Batire la a Yobu

Pa esiteti ina ku Lisasadzi, mukangotchula dzina la a Yobu anthu amayamba aseka kaye. Osati kuti ndi munthu wa nthabwala, ayi ndithu. Ndi tenanti wakalekale, anachoka kwawo ku Dedza tsitsi lili bii, imvi n'kuwamerera m'chigafa cha fodya. Chimwalirireni akazi awo, moni ankayankha ndi mutu basi, ngati mawu amachita kugula.

Chinawamasula pakamwa ndi kawailesi kolowa memore khadi. Anapita nako kwa Jafar, mwini shopu ya mafoni pamsika, kuti awaikire nyimbo za kwaya. Jafar anawaikiramonso buku lochita kuwerengedwa ndi bambo wina wa mawu abesi, buku lalitali losaoneka kothera. Munali maufumu omenyana, chinjoka cha mapiko, ndi mtsikana wosula mipeni amene anatumidwa kukafuna ng'oma yodzutsa mapiri.

Kusoka fodya ndi ntchito ya manja, makutu amangokhala pa ulova. Posakhalitsa chigafa chonse chinasamukira pafupi ndi kawailesi kaja, ndipo anthu anadzidzimuka kumva a Yobu akukalipira mtsikana wa m'bukumo.

"Usalowe m'phangamo, mwana iwe! Ukuona ngati akufunira zabwino amenewo?"

Nthawi zina ankapukusa mutu. "Koma anthu awa, chaka chonse nkhondo yokhayokha. Amalima liti?" Za chinjoka ankangodandaula ndowe zake, kuti zikungowonongeka m'mapirimo pamene feteleza wavuta chonchi.

Amene ankaseka kwambiri anali mayi Ezelina, amasiye a ku Phalombe, amene anabwera chaka chimenecho kudzathandiza alongo awo kukolola. Tsiku lililonse ankayala chiguduli chawo pafupi ndi a Yobu. Tisabise, a Yobu anawakonda mayiwa, kuwakonda kwenikweni. Koma pakamwa pokalipira zinjoka pankauma gwa akafuna kunena zimenezo.

Mantha awo anali amodzi. Buku likatha, mayi Ezelina adzakhaliranji pafupi nawo? Ndipo fodya akangodindidwa m'mabelo, lole idzawanyamula kubwerera ku Phalombe. Ndiye a Yobu anapeza nzeru. Nkhani ikangofika pokoma, chinjoka chitayasamula, chala chawo chinkakwawira kuseri kwa kawailesi. Zii!

"Aa, pepani abale, batire latha."

Batire kutha, kawailesi kokhala ndi sola kumsana, pa dzuwa la ku Kasungu! Anthu ankalira maliro enieni, ena kuwatukwana chamumtima. A Yobu nkhope ili phee. Motero buku analitafuna pang'onopang'ono, kusoka kunatha, fodya anauma, kusankha kunadutsa, mtsikana uja ng'oma asanaipezebe.

Koma kulibe chingwe chopanda mapeto. Tsiku lodinda belo lomaliza linafika, mutu womaliza wa buku nawo utatsala wokhawokha. Masana, amuna ali kalikiliki kudinda fodya pa jeke, mayi Ezelina anawapeza a Yobu atakhala pa mthunzi wa chigafa chopanda kanthu, kawailesi kali pamiyendo.

"Bambo Yobu, tatsegulani timalize. Lole ikubwera mawa m'mawa."

A Yobu anakatembenuza kawailesi, kukagogoda, kukaika kukhutu. Mtima unkawawa zedi. "Mayi, batire ili..."

"Musavutike," anatero mayi Ezelina. "Ng'oma ija aipeza pansi pa dziwe. Chinjoka sichifa, chimuthandiza. Mapiri adzuka, nkhondo n'kutha."

A Yobu anadzutsa mutu. "Mwazidziwa bwanji?"

"Jafar anandiikira pa foni ya achimwene, fodya akadali m'munda. Mukuganiza kuti mtima wanga ukanapirira batire lanulo? Ndinamaliza kalekale, mpaka kubwereza."

"Nanga... nanga mumadzakhaliranji pano masiku onsewa, kumadandaula nawo?"

Mayi Ezelina anakonza duku lawo, maso ali kumbali. "Wailesi ndinaimva. Ndimadikira mwini wake kuti mwina nayenso alankhulapo. Ndiye mundiuze, katundu wanga ndimange kapena ndisamange?"

A Yobu, mwa chizolowezi, anapukusa mutu.

"Ayi, za mutu ine sindimva. Ndipo achimwene ndiye samva n'komwe."

Bambo aja anaimirira, kawailesi n'kugwera m'fumbi osakatola. Kenako mawu anatuluka onse pamodzi, aja ankakalipira nawo zinjoka.

"Musamange, mayi! Chonde musamange!"

Ku jeke ntchito inaima. Wina anafuula kuti, "Eee, batire lagwira!" ndipo chikhakhali chinamveka mpaka kumsewu. Alongo awo a mayi Ezelina anapukuta manja pa buluku n'kunena kuti nkhani zotere sakambira pa jeke, a Yobu apeze ankhoswe abwere bwinobwino.

Lole inapita m'mawa mwake itanyamula mayi Ezelina, koma miyezi ingapo itadutsa anabweranso, ulendo uno ndi mapoto awo omwe. Kawailesi kaja kalipobe, kamalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo sikanathenso batire ngakhale tsiku limodzi.