Saladi Anathera Mphaka

Inde, ndinanama, ndipo musandiyang'ane choncho. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, saladi, mafuta ophikira aja, atasowa m'Matero monse. Amuna anga anaima pamzere mpaka miyendo kutupa kuti apeze botolo limodzi, ndipo analimanga ulusi kuti aziona pamene mafuta alekezera.

Masiku omwewo Kapitao, mphaka wathu wokalamba, anadzimbidwa. Ankakumba pamchenga, n'kunjuta, n'kulira, koma osatuluka kanthu. Mimba inali gwa. Ndinayamba kumuthirira kasupuni ka saladi m'kapenta wake m'mawa uliwonse.

Tsiku lina amuna anga ananyamula botolo lija: ulusi uli pamwamba, mafuta ali pansi.

"Nindani asiliza saladi muno?"

"Ni bana Mwansa, banabwela kupempha," ndinayankha osaphethira.

Bana Mwansa, oyandikana nawo nyumba, anali asanatipemphepo ngakhale mchere. Amuna anga anasiya kuwapatsa moni mpaka Khirisimasi, ine ndili chete. Apo pokha ndiye pamandichititsa manyazi.

Koma Kapitao anamasuka, m'nsapato za amuna anga zopitira kutchalitchi. Ndinatsuka ndikuimba. Makoswe m'nyumba muja ankagwira ndi iyeyo, osati mwini ulusi.