Manja a alamu anga

Zinayamba Lolemba loyamba la mwezi wa Juni mu 1997, cha m'ma 9 koloko m'mawa, mu ofesi ya inshuwalansi ku Rustenburg. Alamu anga, amuna a mchemwali wanga, anali atagwidwa akuyendetsa galimoto chonsecho laisensi anali atalandidwa kale. Khoti linawauza kuti akadzangogwiranso chiwongolero, ndende. Koma banja lawo linkadalira kapikapu kawo, kotengera nkhuku kufamu ya ku Mooinooi kukagulitsa kumahositelo a pamgodi, ndipo mwini famuyo sankalola galimoto yopanda inshuwalansi.

Mayi wa mu ofesiyo atamva za mlandu wa alamu anapukusa mutu. Kenako anafunsa za ine. Laisensi ndinali nayo, ndinaitenga ku Kasungu ndili mnyamata.

"Munachitapo ngozi?"

Ndinati ayi, n'kuwonjezera kuti chiitengereni sindinayendetseponso galimoto. Mayiyo anati zimenezo sanafunse. Anandilemba kuti ndine dalaivala wodalirika kwambiri.

Tinagawana ntchito. Mpando wa dalaivala ndi mapazi zinali zanga. Magiya ndi chiwongolero zinali za dzanja lamanja la alamu.

"Kilachi, alamu, kilachi! Ameneyo ndi buleki. Mukufuna nkhuku zitulukire pagalasi?"

"Phazi ndi langa, alamu."

"Ndiye lilangizeni."

Pamphambano ya ku Marikana tinapeza apolisi. Alamu anakhalira manja awo onse awiri. Wapolisi anaona laisensi yanga, natiuza kuti tizipita. Galimoto inadumpha n'kuzima. Ndinailizanso, inazimanso. Wapolisi uja anaweramira pawindo langa, maso ali pa alamu.

"Ili mu giya fili," ananong'ona alamu, dzanja likusolotoka pansi pa ntchafu.

Ndinakumbukira mchemwali wanga ndi ana. Ndinalikanikiza dzanjalo ndi chigongono mpaka alamu anabuula.

Wapolisi anatiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analowetsa yekha mkono, nandiuza kuti ndiponde kilachi, n'kuika giya wani.

"Musaisinthenso," anatero.

Sindinaisinthe. Tinakafika kuhositelo mu giya yomweyo, apanjinga akutipitirira, wina mpaka anagula nkhuku galimoto ikuyenda.

M'mawa mwake kunazizira kwambiri. Ndinawapatsa alamu bulangete, n'kuwakweza kumbuyo pakati pa nkhuku. Zitseko zakutsogolo ndinakhoma zonse ziwiri, ndipo ndinayamba kufunafuna ndekha giya thu, iwo akumenya galasi.