Ulendo wa ku Chipatala ndi Apongozi Anga

Ndinachoka ku Chelstone m'mawa dzuwa lisanakwiye, nditavala malaya a manja aatali, chipewa kumutu, ambulera m'manja. Unali mwezi wa Okutobala, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Anthu pa siteji anandiyang'ana ngati wozungulira mutu, koma ndinazolowera. Ndili ndi nthenda yotchedwa lupasi. Dzuwa likandiwomba, masaya amatuluka zidzolo, zala zimatupa, sabata yonse ndimakhala chigonere.

Mtima unali m'mwamba chifukwa cha mwana wanga Taonga. Apongozi anamutenga kupita naye kwawo ku Kabwata, ati mpaka nditachira. Ataona ndikuwonda, tsitsi likuthothoka, mapiritsi tsiku ndi tsiku, anangoti ndili ndi kachirombo koma ndikubisa. Ndinawaonetsa zotsatira za magazi, iwo amvekere mapepala amagulidwa. Mwamuna wanga ali ku migodi ku Solwezi, ndipo pa foni mawu ake ndi amodzi: "Musakangane." Ndiye ndinawachonderera apongoziwo kuti andiperekeze ku chipatala chachikulu, kumene madokotala akuchita kafukufuku wa lupasi ndipo amanditenga magazi nthawi ndi nthawi. Ndinkafuna akamve ndi makutu awo.

Minibasi inachedwa kudzaza. Kondakita ankangolumbira kuti tinyamuka manje manje, ndiye kuti pompano, uku dalaivala akudya chinangwa chootcha panja. Titanyamuka, ndinapezeka kuti ndakhala mbali ya dzuwa. Ndinapempha bambo wina wa tayi kuti tisinthane malo.

"Muyopa kuda, ba sisita?" anafunsa akuseka. "Mwachedwa maningi, munada kale."

Anasuntha ndithu, ndipo ndinamukhululukira. Pa Northmead magalimoto anaima ngati afika kwawo. Ndinkangosuzumira nthawi pa foni. Apongozi anga si munthu wodikira. Akaona kuti mwachedwa amabwerera, ndipo nkhani imathera pomwepo.

Ndinawapeza pa City Market, pamene tinapangana kukumana, ataima pafupi ndi amayi ogulitsa tinsomba ta kapenta. Maso anga anathamangira kumbuyo kwawo, ndimati mwina abereka Taonga. Anali okha. Zinandiwawa kwambiri, koma ndinagwada pang'ono ndi kupereka moni.

"Amake Taonga, ambulera ya chiyani kopanda mvula? Mwasanduka olemera a ku Kabulonga?" anatero.

Ndisanayankhe, anandikokera kwa mnyamata wina wa chimkuzamawu amene anayala mabotolo patebulo. Ankakuwa kuti mankhwala ake amakweza chitetezo cha m'thupi, ngakhale wogona pamphasa amadzuka. Apongozi anamasula mfundo ya chitenje, nagula botolo lalikulu la madzi obiriwira.

"Imwani pompano ndione."

Mphatso ya apongozi sikanidwa, izi ndinaphunzitsidwa ndisanalowe m'banja. Ndinalandira ndi manja awiri, thukuta lili kamukamu. Ndinati magazi a lero amafuna m'mimba mopanda kanthu, zomwe zinali zoona. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, nalanda botolo lija ndi kuliika m'chikwama chawo.

Tinakwera basi yolowera ku Woodlands. Kondakita, wosadziwa za ulemu wa pachipongozi, anatipanikiza pampando umodzi, ntchafu kukhudzana. Ine ndinayang'ana kumanzere, iwo kumanja, botolo likungoti khuchukhuchu pakati pathu.

Kuchipatala mzere unali wautali. Ndinakhala, ndinaimirira, ndinakhalanso. Namwino atanditenga magazi, tinalowa kwa dokotala wa kafukufuku, mayi wachitsikana wovala magalasi. Apongozi sanadikire moni. Anatulutsa botolo nalikhazika patebulo.

"Muuzeni amwe. Chitetezo chake chatsika, ine ndi maso ndili nawo."

Dokotala anawapatsa mpando, nandifunsa ngati ndalola kuti afotokoze za matenda anga. Ndinavomera msanga.

"Amayi, chitetezo cha mpongozi wanu sichinatsike," anatero dokotala. "Mumawadziwa agalu olondera nyumba za mipanda? Chitetezo chake chili ngati agalu otero, koma ayamba kuluma mwini nyumba. Akuluma khungu, mfundo za mafupa, ndipo tikalekerera adzafika ku impso. Mapiritsi athu ndi unyolo wowamangira. Za m'botolo lanuli sindikuzidziwa, koma ngati zimachitadi zimene wogulitsa wanena, ndiye kuti mukumasula agaluwo."

"Nanga mwana angatengere pa kapu, kapena pogona limodzi?"

"Ayi. Lupasi sapatsirana. Kachirombo tinayeza, alibe. Magazi amene amatipatsa akutithandiza kumvetsa mmene nthendayi imayendera mwa anthu akuno, chifukwa ambiri amabwera mochedwa, atamwa kale mabotolo ngati ili."

Apongozi anapotokola nsonga ya chitenje. Kenaka analankhula motsitsa mawu, osayang'ana aliyense.

"Mwana wanga woyamba, Esinati, anawonda chonchi. Tsitsi chonchi. Ankati ndi malungo chabe, mpaka tinamuika. Kamwana kake ka kubere kanamutsatira chaka chisanathe."

Za Esinati ndinkangodziwa chithunzi cha pakhoma. Palibe anandiuzapo za kamwanako. Mkwiyo umene ndinanyamula kuchokera ku Chelstone unandithera, ndipo ndinamva chisoni chokhachokha.

Tinatuluka dzuwa lili paliwombo. Zala zanga zinali zitauma, ambulera inakana kutseguka. Ndinalimbana nayo pageti pomwepo, anthu akundilambalala. Apongozi anaitenga, naitsegula kamodzi, koma sanandibwezere. Anaikweza pamutu panga, iwo dzuwa likuwawotcha, ndipo tinayenda choncho mpaka pa siteji. Basi ya ku Kabwata itafika, anayamba kulowa ndiwo, nauza mtsikana wina wa pasukulu kuti achoke mbali ya mthunzi.

"Mpongozi wanga sagwirizana ndi dzuwa," anatero mokweza, ngati akhala akudziwa kuyambira kale.

Ulendowu unandiphunzitsa kuti mantha a maliro akale samva pepala. Ine ndimati apongozi amandida, pomwe iwo ankalondera manda kuti asakumbidwenso.

Ku Kabwata tinapeza Taonga akusewera ndi zitsekero za mabotolo pakhonde la oyandikana nawo. Atandiona anaima kaye, chala kukamwa, ndipo mtima wanga unaima naye. Kenaka anathamanga. Apongozi analowa m'nyumba, natuluka ndi kachikwama ka zovala zake. Madzi obiriwira aja anawakhuthulira mu ngalande, botolo nalitsuka, nathiramo madzi akumwa.

"Amake Taonga, dikirani dzuwa lipendeke," anatero akundipatsa botololo. "Mwana ndibereka ndine mpaka pa siteji, inu mugwire ambulera."