Mawu Amene Mzungu Uja Sananene

Chaka chimene ndinalemba mayeso a Fomu 4 ndinkakonda kupita ku vidiyo ya pa Nsaru masana, tikatha kusoka fodya. Mafilimu ambiri ankabwera omasulira kale m'Chichewa. Womasulirayo ankalankhula osapuma, ngakhale pamene azunguwo angoti chete, ndipo ife tinazolowera choncho.

Tsiku lina kunabwera filimu yosamasulira. Mwini vidiyo anandiloza.

"Asukulu, bwerani kutsogolo kuno. Chizungu chanu chija chigwire ntchito lero."

Sindinkatha kukana munthu wamkulu. Ndinakaima pambali pa sikirini, manja kumbuyo.

Filimuyo inali ya kuchipululu cha ku America, ya anthu a zipewa zazikulu, koma ya masiku ano. M'malo mwa kavalo, bambo wa m'filimumo ankayenda pa galimoto yakutha, kusaka munthu amene anamuphera mwana. Mfuti sinkalira kawirikawiri. Kamera inkatha kukhala pa msewu wopanda munthu mpaka anthu kuyamba kutsokomola. Bamboyo sankalira misozi, sankakalipa. Mkwiyo wake unkaoneka m'nsagwada mokha.

Pa benchi yakumbuyo panali malume anga. Mwana wawo, msuweni wanga, anafera pa msika wa Kasiya chaka cham'mbuyo mwake, anthu atamumenya pomuganizira kuti waba mbuzi. Tonse tinkamudziwa amene anayamba kukuwa kuti wakuba: bambo wina wogulitsa tomato. Chichokereni maliro malume sanamutchulepo bamboyo.

Kumapeto kwa filimu, bambo uja anamupeza womuphera mwana akudya yekha m'kanyumba. Anakhala naye patebulo. Kamera inatsikira pa manja awo, n'kukwera pankhope, n'kukhala pomwepo. Palibe amene analankhula.

"Masulira, iwe," wina anatero.

"Kodi batire lakuthera?" anawonjezera wina, anthu n'kuseka.

Ndinachita manyazi, ndipo ndinapeka. Ndinati, "Akuti: magazi a mwana wanga sanagone. Ndidzabweranso."

Anthu anawomba m'manja. Bambo wa m'filimu anadzuka, nasiya mfuti patebulo, n'kumapita. Filimu inathera pomwepo.

Kwa masabata awiri ndinkawazemba malume. Mayi anandiuza kuti achimwene awowo ayamba kufunsa za masiku a msika wa Kasiya. Malumewo ndinawapeza m'chigafa akumanga fodya, ndipo ndinagwada chapatali.

"Malume, mawu aja mzungu uja sananene. Ndinangopeka."

Sanasiye kumanga.

"Ndinaona, mphwanga. Milomo yake sinagwedezeke. Ndiye kuti mawuwo anali ako, eti? Tsiku la msika undikweze panjinga."

Ndinawakweza. Njira yonse ndinkamvetsera ngati m'jekete mwawo muli chitsulo chimene chingandigunde kumsana. Sindinamve kanthu, koma sindinakhazikike.

Bambo wa tomato anatizindikira tikadali patali. Anali wochepa thupi kuposa mmene ndinkamukumbukira. Malume anaima patsogolo pa benchi yake, nandikoka padzanja kuti ndiime pambali pawo.

"Nena tsopano," anatero. "Munthu wake ndi uyu."

Ndinayang'ana pansi. Chimene chinatuluka pakamwa panga n'chakuti, "Bambo, tomato mukupanga bwanji?"

Bamboyo anatenga mulu umodzi, nauika m'jumbo. Tomato mmodzi anagwa, nagubudukira kumapazi kwa malume. Iwo anawerama, namutola, namubwezera pa benchi.

Pobwerera anakana kukwera njinga. Anayenda pansi atanyamula jumbo ija, ine ndikukankha njinga pambuyo pawo. Titafika anapereka tomatoyo kwa akazi awo, ndipo iwo anathira m'ndiwo osadziwa kumene wachokera.

Malume sanapitenso ku Kasiya. Timapatsana moni, timalima moyandikana, maliro akagwa timakumba manda limodzi. Koma akamandiyang'ana sindidziwa ngati ndinawapulumutsa kapena ndinawasiya okha pamaso pa munthu uja. Kufunsa sindinayesepo.