Mbiri ya alamu anga papepala la alendo

Gulu lathu la zisudzo linali la anthu asanu ndi mmodzi, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaphunzira zamasewero kusukulu. Tinkakumana Lachitatu ndi Loweruka masana kuseri kwa holo ya tchalitchi kuno ku Milange, pansi pa mtengo wa mango umene mbuzi za anthu zinkauyesa wawo. Tinasewera choncho zaka zambiri, m'misika ndi m'masukulu, anthu n'kumaseka mpaka kugwira nthiti, popanda wotifunsa satifiketi.

Ine ndimagwira ntchito pachigayo. Sekondale ndinaiyambira ku Mulanje tili othawa nkhondo, n'kudzaimalizira kuno m'Chipwitikizi, moti ndimatukwana bwino m'zilankhulo zinayi. Pagulupo ndinali wolemba masewero komanso wolengeza, chifukwa mawu anga anazolowera kupikisana ndi injini. Panali aphunzitsi awiri a kupulayimale amene ankabwera mochedwa n'kuchoka msanga, ndi bambo wina wa kwaya amene ankafuna kuyimba ngakhale pamene sewero likufuna kuti afe. Panali mayi wina wogulitsa zovala za kaunjika pamsika, zimene kuno timati kalamidadi. Mayiyu anayamba zisudzo ali mtsikana kukampu ya othawa nkhondo, m'masewero ophunzitsa za kolera, akusewera ngati ntchentche. Mpaka lero amayenda pabwalo ngati akufunafuna potera. Lilime lake ndi lumo, koma zovala zonse za m'sewero zinkachokera m'belo lake, ndiye tinkangomupirira.

Wachisanu ndi chimodzi anali alamu anga, amuna a mchemwali wanga, okonza njinga pafupi ndi pokwerera maminibasi, amene kuno timati machapa. Kunja kwa sewero ndi munthu woti mukhoza kukhala naye tsiku lonse osamva mawu khumi. Koma akangovala jekete long'ambika n'kuyamba kudzandira ngati woledzera, ngakhale apolisi a pachipata ankasiya ntchito. Gulu lonse linkadyera pamsana pawo, ndipo tonse tinkadziwa.

Alamuwo ali ndi nkhani imene sitchulidwa. Nthawi ya nkhondo anagwidwa kumunda ku Majaua ndi ankhondo a m'tchire, ndipo anakhala nawo zaka zinayi. Atabwerera sanalowe m'nyumba. Akuluakulu a kwawo anawatengera kumtsinje, anawasambitsa ndi mankhwala, anatentha zovala zimene anabwera nazo, n'kuwauza kuti atuluke m'madzimo osacheuka. Kuyambira tsiku limenelo nkhaniyo inapita ndi madzi. Si kuti anthu akwawo saidziwa. Amaidziwa, koma satchula, ndipo a tchalitchi nawo anatsinzina diso limodzi. Ine anandiuza kamodzi kokha amalume awo, pamene alamuwo ankafunsira mchemwali wanga, ndipo anati, “Tikukuuzani kuti musunge, osati kuti mugawe.” Ndinasunga zaka zoposa makumi awiri.

Kenako bungwe lina linatitumizira mnyamata wa ku Quelimane woti atiphunzitse zisudzo, chifukwa kunkabwera alendo a ku provinsiya kudzaona magulu. Ndimamuda mpaka lero, ndipo sindikupepesa. Ankavala kansalu m'khosi mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ankanditcha tiyu, kutanthauza amalume m'Chipwitikizi, ngati ndinabadwa mimba imodzi ndi mayi ake. Sabata yoyamba anatiimika pabwalo kuti tizipuma mozama ndi kudziyesa mitengo. Ine munthu wa zidzukulu ndinaima ngati papaya, mbuzi zikundiyang'ana.

Tsiku lina titamaliza kukonzekera, ena atapita, tinatsala atatu: ine, iyeyo, ndi mayi wa kalamidadi amene ankapinda zovala.

“Tiyu, musakwiye,” anatero mnyamatayo, “koma gulu ili lilibe maziko. Ku Quelimane wosewera amakhala ndi mbiri. Anaphunzira kwakuti, anasewera kwakuti. Nanga pano alendo ndiwauza chiyani? Kuti uyu amagaya chimanga, uyo amapopa matayala, uyu amagulitsa masiketi a azungu akufa?”

“Masiketi omwewo ndi amene amavala mayi ako,” anatero mayi uja osadzutsa mutu.

Mnyamatayo anangoseka n'kupitiriza. “Makamaka madala a njinga aja. Amaseketsa, sindikukana, koma m'kati mulibe kanthu. Munthu amene sanaonepo chilichonse pamoyo wake sangasewere chisoni.”

Ndikakwiya pakamwa panga pamayamba kuyenda mutu usanadzuke.

“Iwe,” ndinatero, “usanabadwe n'komwe, munthu ameneyo anali atasenza mfuti zaka zinayi m'tchire. Anamugwira ali ndi khasu m'manja, anayenda pansi mpaka mapazi kung'ambika. Iwe waonapo chiyani kupatula nkhope yako pafoni?”

Ndinaganiza kuti ndamukhaulitsa. Sindinaone kuti maso ake akuwala ngati a galu amene waona fupa. Mayi uja ndiye anaona. Anamanga belo lake, anandiyang'ana, n'kunena kuti, “Achimwene, lero mwagaya ndi thumba lomwe.”

Nthawi imeneyo n'kuti mwana woyamba wa alamu, mwana wa mchemwali wanga, akufunsiridwa ndi mnyamata wa ku Mongue. Ine monga atsibweni ake ndinali nkhoswe. Nkhoswe ya kuchimuna inali amalume a mnyamatayo, katekisiti wopuma ntchito, munthu wowonda, wa magalasi omangidwa ndi ulusi. Aliyense ankadziwa kuti mudzi wawo unatenthedwa pankhondo ndiponso kuti akazi awo oyamba sanapezeke mpaka lero. Anayenera kufika Loweruka kuti Lamulungu tikaweruka kutchalitchi tikhale pansi n'kumanga nkhani ya ukwati. Sewero lathu linali Loweruka lomwelo masana. Ine, pofuna kuti aone kuti mnyamata wawo akukwatira m'banja la anthu odziwika, ndinawaitana kusewero, ndipo ndinakangana ndi wokonza mipando mpaka anawaika pabenchi yakutsogolo, pamodzi ndi alendo a ku provinsiya. Ndinawakhazika pamenepo ndi manja angawa.

Holo itadzaza, mnyamata wa ku Quelimane anandipeza kuseri kwa katani lathu la zitenje zolumikiza, n'kundipatsa pepala.

“Muwerenge ili sewero lisanayambe. Ndi mbiri ya wosewera aliyense.”

Ndinaliyang'ana. Ine ananditcha mlakatuli wa pachigayo. Mayi uja anamutcha duwa lomera kukampu. Zopusa, koma zosapha munthu. Kenako ndinafika pa alamu. Analemba kuti anali msilikali wa m'tchire zaka zinayi, ndipo manja amene anagwira mfuti lero akukonza njinga ndi kuseketsa ana.

“Fufuta ichi,” ndinatero.

“Tiyu, umenewo ndiye mzere wokoma kuposa yonse. Alendo amafuna zoona. Mtendere ndi umenewutu.”

“Unalipo kumtsinje?”

“Mtsinje uti?”

“Ndiye usamalembe zimene sukuzidziwa, mwana wopanda mwambo iwe. Munthu anasamba. Nkhani inatha iwe uli m'chiuno mwa bambo ako.”

Anakweza mapewa. “Koma munandiuza ndinu.”

Ndinamugwira kansalu ka m'khosi kaja n'kumukokera pafupi. Ndikanamumenya, ndipo nthawi zina ndimadandaula kuti sindinatero. Mayi wa kalamidadi analowa pakati pathu atanyamula mphika wa m'sewero.

“Mukamenyana mukamenyanire panja,” anatero. “Katani ili ndi zitenje zanga, ndipo Lolemba ndikuzigulitsa.”

Alamu anali pakona akudzipaka makala kumaso. Sanamve chilichonse, kapena anamva phokoso lokha, limene kwa ine si nkhani.

Ndinatuluka n'kuyamba kuwerenga. Nditafika pa alamu ndinachotsa maso papepala, ndipo ndinati, “Awa ndi okonza njinga a pokwerera machapa. Ngati njinga yanu ikulira ngati nkhumba yomangidwa, apezeni Lolemba m'mawa.” Anthu anaseka. Ndinacheukira kumene kunali mnyamata uja kuti aone kuti pabwalo pano mwini wake ndine.

Kenako ndinayang'ana pabenchi yakutsogolo. Aliyense anali ndi pepala m'manja. Mnyamatayo anali atasindikiza mbiri zomwezo m'Chipwitikizi, ndi zithunzi zomwe, n'kugawira onse a pabenchipo ine ndili kuseri. Akatekisiti anali atakweza magalasi, chala chikuyenda pansi pa mizere pang'onopang'ono monga amawerengera Baibulo. Ndinachiona chalacho chikutsika. Ndinachiona chitaima. Anapinda pepalalo kanayi n'kuliika m'thumba la jekete.

Sewero linali la bambo amene anagulitsa chimanga chonse kutsidya kwa Muloza n'kumwera ndalamazo, kenako njala n'kumupeza. Alamu sanasewerepo bwino ngati tsiku limenelo. Pamene ankabisa nkhuku yakuba m'jekete, nkhukuyo n'kutulutsa mutu pabowo la kukhwapa, amayi ena anagwa pabenchi ndi phwete. Akatekisiti sanaseke. Anangowayang'ana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, manja ali pamawondo.

Titamaliza, mayi wina mwa alendo aja anathamangira kwa alamu, anawagwira manja onse awiri, misozi ili m'maso, n'kumawauza m'Chipwitikizi kuti ndi munthu wolimba mtima, kuti dziko likufunika asilikali akale ngati iwo. Anawaonetsa chithunzi chawo papepala n'kupempha kuti ajambulitse limodzi. Alamu anawerenga. Sanayang'ane mnyamata wa ku Quelimane. Anayang'ana ine, chifukwa ku Milange konse kuno panali munthu mmodzi yekha amene akanatha kunena. Anavula jekete lija, analipinda bwinobwino, analipereka kwa mwini wake, n'kutenga njinga yawo. Sanaikwere. Anapita akuikankha, makala adakali kumaso.

Akatekisiti anagona kwanga. Anadya, anathokoza, anapemphera, osatchula kanthu. Ndinkalakalaka atanditukwana, chifukwa kutukwana ndimadziwa kuyankha kwake.

Lamulungu masana tinakhala pamphasa pabwalo la mchemwali wanga. Mtsikana anali m'nyumba, ndipo ndinkadziwa kuti khutu lake lili pazenera. Tisanayambe n'komwe, akatekisiti anatulutsa pepala lija, analitambasula, n'kuliika pakati pathu, kamwala pamwamba kuti lisauluke.

“Ndili ndi mafunso atatu,” anatero. “Bambowa anasamba?”

“Anasamba,” ndinayankha.

“Zovala?”

“Zinatenthedwa.”

“Anacheuka?”

Ili alamu anayankha okha, maso ali pansi. “Sindinacheuke.”

Nkhuku inadutsa pakati pathu, popanda woipirikitsa.

“Kwathunso alipo otere,” anatero akatekisiti. “Wina amakhala benchi imodzi ndi ine Lamulungu lililonse. Sindinamufunsepo kumene anali usiku umene mudzi wathu unapsa. Tikayamba kufunsana, m'tchalitchi mutsala mabenchi okha. Dzulo ndinayang'ana nkhope yawo sewero lonse kuti mwina ndiikumbukira. Sindinaikumbukire, ndipo sindiyang'ananso. Ukwati ulipo.”

Mchemwali wanga anapuma mwamphamvu. Ine ndinayamba kuombera m'manja, koma akatekisiti anakweza chala chomwe chija.

“Koma mlendo wa ku Quelimane sanakavuule yekha zinthu zimenezi mumtsinje. Anamupatsa ndani?”

Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa. Mchemwali wanga anali akundiyang'ana monga ankandiyang'anira ndikaba ndiwo tili ana.

“Ndine,” ndinatero. “Ankawanyoza, ndiye ndinapsa mtima.”

“Ana athuwa adzanyozananso,” anatero akatekisiti. “Adzabwera kwa nkhoswe ndi nkhani za kuchipinda, zimene ngakhale amayi awo sayenera kumva. Tsiku lina wina adzakupsetsani mtima pamsika. Ndiye zidzatha bwanji? Bambo, sindikudana nanu, mwandisunga bwino kwanu. Koma tipatseni nkhoswe ina.”

Ndinayang'ana alamu kuti mwina anenapo kanthu. Anali akutola tiudzu pamphasa.

Unkhoswewo anaupereka kwa mng'ono wanga, munthu amene satha kumanga ngakhale mbuzi pachikhomo. Tsiku la ukwati ndinakhala kumbuyo pamodzi ndi anthu obwerera mpunga. Mwana wa mchemwali wanga anabwera kudzandigwadira monga mwa mwambo, koma sanachedwe.

Alamu sanabwererenso kugulu. Tinayesa kupereka malo awo kwa bambo wa kwaya uja, amene anadzandira kamodzi n'kuyamba nyimbo. Patatha miyezi yochepa aphunzitsi anasiya kubwera, mayi uja anagulitsa zitenje zake, ndipo mbuzi zinatenga mtengo wonse. Mnyamata wa ku Quelimane anakwera chapa ndi kansalu kake tsiku lotsatira sewerolo, osatsanzika. Ndinamva kuti kumene anapita amakamba za ife monga gulu limene iye analidzutsa. Akadzabweranso ku Milange adzandipeza pachigayo, ndipo sipadzakhala mayi wa mphika wolowa pakati.

Alamu amandipatsabe moni. Amandikonzerabe njinga. Mwezi wathawu ndinapita nayo ilibe vuto lililonse, n'kukhala pachitsa pafupi nawo, kudikira kuti mwina tiyamba kucheza. Anaitembenuza, anazunguza tayala lakutsogolo, anazunguza lakumbuyo, anamvetsera tcheni.

“Ili bwino iyi, alamu,” anatero, n'kundibwezera. Kenako anaitana munthu wotsatira.