Nsalu ya Abiti Juma

Ntchitoyi inandipeza ndikukonza mawailesi pakhonde la sitolo ku Mangochi. Sukulu yanga inali timabuku ta malangizo timene anthu amataya akagula katundu. Ndinkawerenga ngakhale ta makina amene sindinawaonepo. Tsiku lina a Saidi, amene ankayendera zipatala zing'onozing'ono kukonza zipangizo, anandipeza ndikuwotcherera waya wa makina oyezera BP. Anayang'anitsitsa, kenako anati, "Mawa mubwere ndi sikuludiraiva yanu."

Nditazolowera, anandiuza kuti ndisankhe mbali yanga: ekisire yojambula m'thupi, za mu labu, kapena makina a okosijeni. Ine mtima unali pa ekisire, chifukwa dzinalo likanamveka bwino kwa apongozi. Makina a okosijeni ndinkawaona ngati kafiriji kaphokoso.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anandituma ndekha panjinga yamoto ku chipatala china cha kufupi ndi Chowe. Makina a okosijeni anali nawo amodzi okha, ndipo ankati akayaka pang'ono, alamu n'kulira, n'kuzima. Pabedi panali khanda lodwala chibayo, kachifuwa kakulowa m'kati likamapuma.

"Ambulansi ili kutali," anatero anamwino. "Chitanipo kanthu, achimwene."

Ndinayala zida: malitimita, analaiza yoyezera okosijeni, masipanala. Magetsi anali bwino, fyuzi inali yamoyo. Mutu wanga wa mabuku unathamangira ku kompulesa yopopa mpweya m'kati mwa makinawo, ntchito ya tsiku lonse imene khandalo silikanaidikira. Ndinaimbira a Saidi.

"Musamasule sikulu ngakhale imodzi," anatero. "Makinawo akupumira pati?"

M'pamene ndinaiona nsalu. Inali yoyera, ya maluwa opeta, yonga imene amayi athu amavundikira wailesi, yoyalidwa pamwamba n'kutsikira kumbuyo mpaka pansi. Inatseka pamene mpweya umalowera, makinawo n'kumatentha. Tonse tinaiona ngati ulemu wamba. Ine ndinali nditasanjikapo kale chipewa changa.

Abiti Juma, mayi a khandalo, anayankhula motsitsa mawu. "Ndinaika ndine. Fumbi lachuluka. Chinthu chopumitsa mwana wanga chingakhale chosavala?"

Ndinachotsa nsalu, ndinasintha sefa yodzaza fumbi, n'kukupiza makinawo ndi chipewa chomwecho mpaka anazizira. Nditayatsa, kampira ka pa geji kanakwera n'kuima. Analaiza inavomereza. Tinayang'anitsitsa milomo ya khandalo, mpaka inabwerera mtundu wake ndipo linalira mokwiya. Sindinamvepo kulira kokoma chotero.

Pobwerera ndinauza a Saidi kuti ndasankha kafiriji kaja. Anaseka. "Nanga apongozi?"

"Nawonso amapuma," ndinatero.

Mpaka lero, ndikafika pa makina, ndimayamba ndaona pamene akupumira, zida zili m'chikwama. Nsalu ija Abiti Juma anandipatsa. Imavundikira wailesi yanga, koma ikazima kaye.